Zoyenera kufufuza VSD ikamazimitsa mota mobwerezabwereza

Pa zigayo, pa mapampu a ulimi wothirira ndiponso m'mafakitale ang'onoang'ono, dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti VSD yazima yokha ntchito ili mkati, ndipo woyendetsa makina akadina batani loyambitsiranso, imayenda kanthawi pang'ono n'kuzimanso. VSD, imene ena amaitcha VFD kapena invata ya mota, ndi bokosi loikidwa pakati pa magetsi ndi mota ya ma phase atatu kuti liwiro la motayo lizitha kukwezedwa kapena kutsitsidwa. Ikayamba kuzimazima, kumene amisiri amati kutiripa, eni makina ambiri amathamangira kunena kuti anagula bokosi losalimba, ndipo ena amafika pogula lina la ndalama zambiri limene limadzachitanso zomwezo mlungu usanathe. Mwa mabokosi amene ndinaitanidwapo kukawaona, ochepa okha ndi amene anali owonongekadi. Ambiri ankazima podziteteza ku vuto limene linali kwina, kaya ku magetsi obwera, ku nthambo, ku mota, kapena ku makina amene motayo ikuzunguza.

Musanatsegule chivundikiro, dziwani kuti mkati mwa VSD muli makapasita akuluakulu, zida zosunga mphamvu ya magetsi, amene amasunga ma volts opitirira 500 ngakhale swichi yaikulu itazimitsidwa, ndipo mphamvu imeneyi imapha. Zimitsani swichi, ikanipo loko, dikirani nthawi imene yalembedwa pa bokosilo, imene nthawi zambiri imakhala mphindi 5 mpaka 15, kenako yezani ndi mita pakati pa materminali olembedwa DC+ ndi DC- kuti mutsimikize kuti mphamvu yatsika pansi pa ma volts 50. Kuzima kwa nyali za pa sikirini si umboni wakuti makapasita atha mphamvu. Kuyeza kumene kumafunika kuchitika magetsi akuyaka ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi amene ali ndi chiphaso, ndipo mwini chigayo asayese kuchita yekha.

Kuti zolembedwa pa sikirini zimveke, pafunika kudziwa zimene zimachitika mkatimo. Magetsi a ma phase atatu, ndiye kuti obwera pa nthambo zitatu zamoto, kuno kwathu ndi ma volts 400 pakati pa phase ndi phase, ma volts 230 pakati pa phase ndi neutral, pa 50 Hz, ndiye kuti mafunde 50 pa sekondi imodzi. Mota ya ma pole anayi yolumikizidwa mwachindunji imayandikira mizungulo 1,500 pa mphindi, ndipo ikasenza katundu imatsika kufika cha m'ma 1,460, monga momwe chitsulo cha pa motayo chimanenera. VSD imayamba yasandutsa magetsi obwerawo kukhala DC, magetsi oyenda mbali imodzi, kudzera m'ma diode asanu ndi limodzi, tizida tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, n'kuwasunga m'makapasita pa ma volts pafupifupi 540 mpaka 565, kenako ma IGBT, amene ndi maswichi a liwiro lalikulu, amawadula tizidutswa kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti apange magetsi atsopano a ma Hz amene munthu wasankha. Pa 25 Hz mota ija imazungulira theka la liwiro lake, ndipo ma volts nawo amatsitsidwa molingana, ma volts 8 pa Hz iliyonse. Kuzima kochuluka kumachokera pa zinthu zitatu: mphamvu ya m'makapasita yatsika kapena yakwera mopyola malire, ma amp opita ku mota achuluka, kapena bokosi latentha.

Lembani nthawi imene ikuzima

Chida choyamba pa ntchito imeneyi ndi kope ndi cholembera. VSD iliyonse imasunga mndandanda wa zolakwika zaposachedwa, ndipo zambiri zimasunganso ma amp, ma Hz ndi ma volts a DC pa nthawi imene inazima. Pemphani woyendetsa makina kuti asamangodina batani, koma aziyamba walemba nambala kapena mawu amene aoneka, ola lake, ndi chimene makina amachita: kodi amayamba kumene, amagaya, kapena amaima? Pakatha masiku atatu kapena anayi, kope limenelo limakhala litaloza kale kumene kuli vuto.

Ikamazima madzulo kapena katundu akachuluka

Uthenga wa undervoltage (kuchepa kwa ma volts) kapena wa input phase loss (kusowa kwa phase imodzi yolowa) umene umabwera dzuwa likamalowa ndiwo ndimakumana nawo kwambiri, ndipo ndifotokoza mmene unachitikira pa chigayo china cha pa msika wa kumudzi. Chigayocho chinali ndi mota ya 22 kW, ndipo mwini wake anachotsa sitata ya star-delta, chida choyambitsira mota, n'kuikapo VSD chifukwa chakuti nyali za m'magolosale oyandikana nacho zinkaphethira nthawi iliyonse akachiliza. M'mawa ndi masana chinkagaya bwinobwino, koma ikangokwana 5 koloko madzulo, nthawi imene amayi obwera ndi mphale ndi chimanga cha mgaiwa amakhala atandandalika zidebe mpaka panja, chinkazima kanayi kapena kasanu. Mmisiri wina anali atatsitsa kale malire a chitetezo mpaka pothera, ndipo anali atalangiza kuti agule bokosi lina.

Masana ndinayeza pa mita ya chigayocho ndipo ndinapeza ma volts 401, 398 ndi 396. Madzulo, chigayo chikugaya, manambala anali 392, 378 ndi 373. Palibe nambala imene inatuluka m'malire a 10 peresenti, amene ndi 360 mpaka 440, choncho munthu wongoyang'ana mwachangu akanati magetsi ali bwino. Koma chofunika kwambiri ndi kusiyana kwa ma phase. Kawerengedwe kake n'kosavuta: phatikizani manambala atatuwo n'kugawa ndi 3, zimene pano zikupereka 381, pezani nambala imene yatalikira kwambiri 381, imene ndi 392, yosiyana ndi 11, gawani 11 ndi 381, ndipo mupeza 2.9 peresenti. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 50160 umaika malire pa 2 peresenti, ndipo opanga ma VSD ambiri amalola 2 kapena 3 peresenti basi.

Chifukwa chake n'chakuti ma diode amakoka magetsi pa phase imene ili pamwamba pa nthawi imeneyo, moti kusiyana kochepa kwa ma volts kumabala kusiyana kwakukulu kwa ma amp. Nditapana nthambo zolowa m'bokosi ndi mita ya ma amp, ndinapeza 55, 51 ndi 21. Kusiyana kotereku kunandikayikitsa kuti pali chinanso kuwonjezera pa magetsi obwera, ndipo nditayeza mbali ziwiri za swichi yaikulu ya pakhoma, phase yachitatu inkataya ma volts 6 mkati mwa swichimo pamene zinazo sizinkataya ngakhale imodzi. Titazimitsa n'kutsegula, tinapeza waya wolowa pamenepo atada bii, pulasitiki yomuzungulira itakwinyika, ndipo bawuti yake inkazungulira ndi zala zokha. Waya ameneyu anangopindidwa n'kumangidwa popanda lagi, kachitsulo kopanidwa kumapeto kwa waya, ndipo kunjenjemera kwa chigayo kunamumasula pang'onopang'ono. Masana ankapirira, koma madzulo, pamene mabanja olumikizidwa ku phase yomweyo ya thiransifoma ankayatsa mbaula ndi nyali, zofooka ziwirizi zinkakumana.

Tinasintha swichi, tinapana malagi oyenera pa nthambo zonse, tinabwezera malire a chitetezo pamene wopanga anaika, ndipo tinaika line reactor ya 3 peresenti, makoyilo osalaza kakokedwe ka magetsi, kutsogolo kwa VSD. Kusiyana kwa ma phase kochokera ku thiransifoma si kwa mmisiri wamba kukonza, choncho tinalemba kalata yokhala ndi miyezo ya masiku angapo kupita kwa ogulitsa magetsi kuti aone kagawidwe ka nyumba pa ma phase atatuwo. Kalata ya manambala imamveka kuposa dandaulo la pakamwa lakuti magetsi ndi ofooka. Ndinachenjezanso mwini chigayo za mota ya chokonolera, imene inali yolumikizidwa mwachindunji, chifukwa pa mota yotere kutentha kwa makoyilo kumakwera pafupifupi kawiri kuchulukitsa ndi sikweya ya kusiyanako, ndiye kuti pafupifupi 17 peresenti pa 2.9 peresenti, ndipo madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula pakati moyo wa vanishi ya makoyilo.

Ngati ma phase ali ofanana koma onse akutsika katundu akachuluka, yezani pa mita ndi pa bokosi nthawi imodzi. Kusiyana kwakukulu pakati pa malo awiriwa kumasonyeza kuti nthambo ndi yopyapyala kapena yatalika kwambiri. Ngati magetsi amangophethira kwa kamphindi, ma VSD ambiri ali ndi dongosolo lopirira kuphethira kotere potenga mphamvu ku kuzungulira kwa makina, ndipo buku la bokosilo limanena poliyatsira.

Ikamazima poima

Uthenga wa overvoltage (kuchuluka kwa ma volts) umene umabwera munthu akangodina batani loimitsa sukhudzana ndi magetsi obwera. Chitsulo chonyamula nyundo za chigayo, chimodzimodzi fani yaikulu, n'cholemera ndipo chimafuna kupitirizabe kuzungulira. VSD ikatsitsa ma Hz mofulumira kuposa mmene chitsulocho chingachepetsere liwiro, mota imasanduka jenereta n'kubweza mphamvu m'makapasita, ndipo popeza ma diode salola magetsi kubwerera kumene anachokera, mphamvuyo imakwera mpaka cha m'ma volts 800, pamene bokosi limazima podziteteza. Talikitsani nthawi yoimira, kapena sankhani kuti mota izingosiyidwa kuima yokha, chifukwa pa chigayo palibe chifukwa choimitsira mwadzidzidzi. Pa makina amene ayeneradi kuima msanga pamafunika braking resistor, chida chosandutsa mphamvu yobwererayo kukhala kutentha, ya ma ohm amene wopanga analemba, ndipo yocheperapo imawotcha transistor yoilamulira.

Overvoltage yobwera makina akuyenda mwakachetechete, makamaka pa ola lofanana tsiku ndi tsiku, kawirikawiri imachokera ku makapasita okonzera power factor amene akulumikizidwa pa fakitale yomweyo kapena yoyandikana nayo. Line reactor imathandizanso pamenepa. Ngati mota inali ndi kapasita yakeyake isanaikiridwe VSD, kapasitayo ichotsedwe, chifukwa kapasita yokhala pakati pa VSD ndi mota imawononga ma IGBT. M'nyengo ya dzinja, pamene ziphaliwali zimachuluka, bolodi yaikulu iyenera kukhala ndi chotetezera ku mphezi ndi waya wa earth woyezedwa bwino.

Thiransifoma ikamalira ndiponso jenereta ikamavutika

VSD simakoka magetsi mosalala ngati mota wamba, koma imachita kumeza mwa apo ndi apo pamene funde la magetsi lafika pamwamba. Kakokedwe kameneka kamabala mafunde owonjezera otchedwa ma harmonic, ndipo aakulu ndi achisanu pa 250 Hz ndi achisanu ndi chiwiri pa 350 Hz, otsatiridwa ndi a nambala 11 ndi 13. Zizindikiro zake ndi thiransifoma yolira ndi kutentha katundu asanachuluke, makapasita otupa, mafyuzi opsa popanda chifukwa chooneka, ndi masikelo kapena makompyuta osokonekera VSD ikangoyamba. Mita wamba siionetsa zimenezi, ndipo pamafunika chida choyezera THD, umene ndi mlingo wa kupotoka kwa funde la magetsi. Muyezo wa IEEE 519, monga unakonzedwera mu 2014, umati kupotoka kwa ma volts kusapitirire 8 peresenti pa magetsi osapyola ma volts 1,000. Pa VSD yopanda choke iliyonse, koyilo yogwira ntchito ngati reactor, kupotoka kwa ma amp kungathe kupitirira 80 peresenti, ndipo reactor ya 3 mpaka 5 peresenti imakutsitsa kufika cha m'ma 35 mpaka 45. Ine sindiikanso VSD yopitirira makilowati ochepa popanda reactor kapena choke ya mkati, chifukwa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa bokosi limene ikuteteza. Malo okhala ndi ma VSD ambiri angafune fyuluta ya ma harmonic, koma imeneyo igulidwe miyezo itachitika kale.

Jenereta ya dizilo imamva ululu wa ma harmonic kuposa thiransifoma, chifukwa ndi gwero lofooka, ndipo AVR yake, chida cholamulira ma volts, ikamawerenga funde lopotoka imayamba kukweza ndi kutsitsa ma volts mosakhazikika. Ngati VSD imayenda bwino pa magetsi a m'mapolo koma n'kumazima pa jenereta, onani ngati jeneretayo ili ndi mpata wokwanira pamwamba pa katundu wake, talikitsani nthawi yonyamukira, ndipo musalole kuti magetsi asinthidwe kuchoka ku gwero lina kupita ku lina mota ili pa liwiro. Kuzimitsa ndi kuyatsa magetsi olowa m'bokosi pafupipafupi kumawotcha resistor imene imadzaza makapasita pang'onopang'ono, choncho makina aziyambitsidwa ndi kuimitsidwa ndi mabatani a VSD yomwe.

Ikamazima ponyamuka

Pa uthenga wa overcurrent (kuchuluka kwa ma amp), yambani ndi manja. Magetsi atazimitsidwa, zunguzani pule kuti mumve ngati beringi yagwira, ndipo tsegulani chigayo muone ngati simunatsalire chimanga kapena chidutswa cha sefa yong'ambika. Kenako yerekezani zolembedwa pa chitsulo cha mota ndi zimene zinalowetsedwa m'bokosi, monga ma kW, ma volts, ma amp, ma Hz ndi mizungulo. Nthawi zambiri ndimapeza manambala a ku fakitale asanasinthidwe n'komwe. Onaninso tizitsulo tolumikizira mu kabokosi ka pa mota. Mota yolembedwa 400/690 imalumikizidwa delta pa magetsi a 400, pamene yolembedwa 230/400 imalumikizidwa star, kupatula ikamadyetsedwa ndi VSD yaing'ono ya phase imodzi imene imatulutsa ma volts 230 okha, pamene iyenera kukhala delta. Zikakhala bwino, talikitsani nthawi yonyamukira. Ngati woyendetsa amakonda kuyambitsanso chigayo chisanaimiretu, yatsani flying start kuti VSD iziyamba yapeza liwiro limene mota ili nalo.

Uthenga wa earth fault (magetsi othawira ku earth) kapena short circuit (mawaya okhudzana) umafuna kuyeza makoyilo ndi nthambo pogwiritsa ntchito megger, mita yoyezera kulimba kwa zokutira mawaya, ya ma volts 500 kapena 1,000, koma nthambozo zichotsedwe kaye ku VSD, chifukwa megger imawononga zamkati mwake. Mota youma ndi yabwino imaonetsa ma megaohm ambirimbiri, ndipo yotsika kufika pa megaohm imodzi ili ndi chinyontho kapena vanishi yake yayamba kutha.

Liwiro likamasinthasintha lokha

Funso lothandiza pano ndi lakuti, kodi nambala ya ma Hz pa sikirini ikuvina, kapena yakhazikika koma makina ndiwo akufooka? Ngati ikuvina, chotsani lamulo la liwiro ku kabatani kozunguza n'kuliika pa kiyipadi. Ikakhazikika, vuto lili ku kabataniko kapena ku waya wake, amene mwina wadutsa mu paipi imodzi ndi nthambo ya mota n'kumatola phokoso la magetsi. Waya wa lamulo akhale wokutidwa ndi shield, atalikirane ndi nthambo za mphamvu masentimita 20 mpaka 30, ndipo pa mtunda wautali chizindikiro cha 4-20 mA n'chodalirika kuposa cha 0-10 V. Pa pampu yolamulidwa ndi sensa ya kuthamanga kwa madzi, kukwera ndi kutsika kosalekeza kumasonyeza kuti manambala a PID, amene amalamula mmene VSD imamvera sensayo, ndi aukali kwambiri, ndipo atsitsidwe pang'onopang'ono, imodzi pa nthawi.

Ngati nambala yakhazikika koma makina akufooka katundu akalowa, yezani mizungulo pa shafti ya mota ndi pa shafti ya makina. Malamba oterereka amatentha, amanunkha labala ndipo amasiya fumbi lakuda pansi pa pule. Ngati mota yeniyeniyo ndiyo ikutsika, yatsani slip compensation, dongosolo lobwezera liwiro limene mota imataya ikasenza katundu, kapena sinthani njira yolamulira mota kuchoka ku V/f kupita ku sensorless vector n'kuchita autotune kuti VSD iyeze yokha makoyilo a mota, makamaka ngati motayo inawaindidwanso, chifukwa makoyilo atsopano safanana ndendende ndi akale.

Kutsitsa liwiro kuli ndi malire ake. Mota wamba imazizira ndi fani yomangidwa ku shafti yake, moti ikamayenda pa theka la liwiro itasenza katundu yense imatentha, ndipo imafuna fani yapadera ya magetsi akeake. Pa pampu ya mtundu wa centrifugal, kutsitsa kufika pa 40 Hz kumachepetsa madzi kufika 80 peresenti ndi mphamvu yofunika kufika pafupifupi 51 peresenti, ndipo apa ndi pamene ndalama za magetsi zimapulumukira. Koma kukankha kwa madzi kumatsikanso kufika 64 peresenti, moti pa chitsime chakuya pampu ingathe kumangozungulira madzi osafika mu thanki. Mota za pansi pa chitsime zimazizira ndi madzi odutsa, ndipo opanga ake ambiri salola kuti ziyende pansi pa 30 Hz, komanso amafuna kuti zifike pa 30 Hz mkati mwa sekondi imodzi kuti beringi yonyamula kulemera isakhulike.

Zitsime zimabweretsanso vuto la nthambo yaitali. Tizidutswa ta magetsi tochokera ku ma IGBT tikafika ku mota timabwerera m'mbuyo n'kukumana ndi tinzake, ndipo pa nthambo ya mamita makumi angapo ma volts a pa makoyilo angathe kufika kawiri mphamvu ya DC, kupitirira 1,000. Mota imene ikupsa mobwerezabwereza pa makoyilo oyambirira, ma amp ake ali abwinobwino, ikuloza ku vuto limeneli, ndipo mankhwala ake ndi dv/dt filter kapena sine filter, mafyuluta osalaza tizidutswato, pakati pa bokosi ndi nthambo. Pa mamota akuluakulu a pamtunda, beringi yolira pakangotha miyezi yochepa, yokhala ndi timizere tofanana mkati mwake ndi girisi wakuda, imasonyeza kuti magetsi akudutsa mu shafti, ndipo pamafunika beringi yotchingidwa kapena mphete yotayira magetsiwo ku earth.

Ikamazima dzuwa lili paliwombo

Ma VSD ambiri amapereka mphamvu zawo zonse pa kutentha kosapitirira madigiri 40 ndi pa malo osakwera kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo pamwamba pa apo amachotsera pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse chifukwa mpweya wopepuka suziziritsa mokwanira. Lilongwe ali pa malire penipeni, Mzuzu wapitirira pang'ono, ndipo ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, pafunika kuchotsera 6 peresenti pogula bokosi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje vuto ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene chipinda cha malata chopanda mawindo chimapyola madigiri 40 mosavuta.

Pa chigayo mdani wamkulu ndi fumbi la ufa ndi la gaga, limene limamatirira pa zitsulo zoziziritsira kumbuyo kwa bokosi, ndipo likakumana ndi chinyontho limauma ngati phala. Ndinapezapo fani ya bokosi itaima chifukwa cha chisa cha dothi cha mavu, ndiponso buluzi atapsera pakati pa materminali awiri atalowera pa bowo la nthambo losatsekedwa. VSD ya pa chigayo iikidwe m'chipinda china kuseri kwa khoma, kapena m'kabati yokhala ndi zosefera mpweya, mabowo onse a nthambo atsekedwe ndi ma gland, ndipo zitsulo zoziziritsira ziziuziridwa ndi mpweya wouma mwezi uliwonse magetsi atazimitsidwa. Pa ulendo womwewo mangitsaninso mabawuti a nthambo, kuyambira pa swichi yaikulu mpaka pa kabokosi ka mota, ndipo lembani m'kope lija ma volts ndi ma amp a ma phase onse atatu, kamodzi masana ndi kamodzi madzulo chigayo chikugaya.